Ndinapha Firiji Chifukwa cha Dzino Limodzi

Ndiyambe ndi kuulula, pakuti nkhaniyi ndaisenza zaka zitatu ndipo khosi latopa. Firiji yathu sinafe pangozi. Ndinaipha ine, dala, masanasana, ndi mpeni wosendera mbatata. Amuna anga mpaka lero amadziwa kuti dzanja linangoterereka. Kutchalitchi amadziwa choncho, kusukulu kumene ndimaphunzitsa amadziwa choncho, ndipo pa boma pano pa Mchinji alipo amayi amene akamalangiza ana awo za kusamala katundu amapereka chitsanzo cha ine. Ndimaseka nawo. Koma dzanja silinaterereke.

Ine ndine mmodzi wa aphunzitsi aja tinalowa ntchito sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere, ana atadzaza m'makalasi mpaka ena pansi pa mitengo. Pambuyo pake ndinapita ku koleji, ndinabwerako ndi satifiketi, ndipo ndinaipachika pabalaza, pamwamba penipeni pa firiji. Inde, firiji inali pabalaza. Chinthu chimene wachikhetsera thukuta suchiika kukhitchini kumene alendo safikako.

Amene anakhetsa thukutalo ndi amuna anga. Ntchito yawo inali ya njinga. Masiku amenewo shuga wa kuno anali ndi mtengo wabwino ku Zambia, ndiye iwo amamanga mabelo pakaliyala n'kudzera tinjira ta kuseri kwa mapiri a ku Kachebere, kumene kulibe wofunsa mapepala. Pobwera amabwera ndi zitenje, nsapato za pulasitiki ndi chilankhulo. Munthu wobadwira ku Mkanda, koma akangogona tsidya lija masiku awiri amabwera akuti "manje" ndi "awe" m'malo mwa "tsopano" ndi "ayi" mpaka sabata kutha.

Pomanga katunduyo ndi zingwe za mphira, mapaketi ena amang'ambika. Paketi yong'ambika siwoloka malire, imatsala pakhomo. Shuga anadzaza m'ndowa, m'mapoto, m'chitini cha bisiketi. Anthu ena amathira shuga m'phala, ife timathira phala mu shuga.

Nzeru ya mafirizi inali yanga, ndisanamizire munthu. Inali nthawi ya matipate, wailesi ikutiuza m'mawa ndi madzulo kuti aliyense achite geni, ndipo mphunzitsi wopanda geni amaoneka ngati wodwala. Madzi tinali nawo, shuga tinali naye, firiji inali ikungoziziritsa botolo limodzi la madzi ndi theka la kabichi. Ndinagula kautoto kofiira ndi kachikasu, timapepala ta pulasitiki, n'kuyamba kuthira, kumanga, kuunjika m'kachipinda ka pamwamba kaja koundanitsa madzi. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunachita zotsalazo.

Tsono taonani mmene ndimagwirira ntchito. Phunziro la zaumoyo, Sitandade 3. Ndimajambula dzino pa bolodi, lalikulu ngati dzungu, mizu yake iwiri.

"Ana inu, chimawononga mano n'chiyani?"

"Shugaaa!"

"Tizitsuka mano kangati pa tsiku?"

"Kawiriii!"

Chitsulo cha buleki chikangolira, ndimapukuta choko m'manja, n'kuvundukula ndowa imene inali kuseri kwa chitseko. Ana omwe aja amapanga mzere. "Madamu, lofiira! Madamu, ine lachikasu!" Dzino lili pa bolodi likutiyang'ana. Sindinaonepo chachilendo. Phunziro linali la boma, ndowa inali yanga.

Mafirizi nawo ena amaphulika poundana, ndipo lophulika siligulika. Lamulo la m'nyumba mwathu linali limodzi: chong'ambika sichitayidwa. Shuga wong'ambika amapita kwa ine, firizi lophulika limapita kwa mwana. Mwana wathu ndi mmodzi, wamkazi, nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu akupita ku zisanu ndi chimodzi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kapepala kanali kukamwa, akupsipa, milomo ili psuu ngati wadzola zodzola za akuluakulu. Alendo amati, "Koma mwana uyu akukula ndi mwayi!" Ine ndimagwedeza mutu modzichepetsa.

Musaganize kuti tinali anthu osadziwa mswachi. Mankhwala otsukira mano tinali nawo, m'kabati ya magalasi, pafupi ndi makapu a alendo. Amatuluka Lamulungu, komanso munthu akapsa ndi simbi kapena akatuluka chiphuphu. Masiku ena onse timatsuka ndi madzi okha, m'mawa, pakhonde, mwaphokoso, kuti oyandikana nawo nyumba adziwe kuti muno mumakhala anthu ophunzira. Tikatero timalowa kukamwa tiyi wa masupuni anayi. Mwana ndinamugulira kamswachi kake, koma akangokaona amatseka pakamwa ngati chitseko cha banki Loweruka masana. Tsiku lina nditamuumiriza anandiyang'ana n'kunena mawu amene anatola pa wailesi: "Ndi ufulu wanga." Bambo ake anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Manje mumusiye, amake mwana. Ameneyu ndi mwana wa demokalase."

Ndinamusiyadi. Ndinadziuza kuti ndi mano a mkaka, adzagwa okha. Mano a kutsogolo atayamba kuda m'mphepete ndinati ndi utoto wa mafirizi. Kenaka limodzi la kumbali linabowoka, tsaya n'kutupa, mwana n'kuyamba kulira atagwira kukamwa. Bambo ake anamupatsa firizi kuti atonthole, iye anakankha. Apo m'pamene tonse awiri tinadziwa kuti zafika poipa.

Amuna anga anati kwawo ku Mkanda, tsiku la msika, kumabwera bambo wina wochotsa nyongolotsi za m'mano. Ndinatsutsa pang'ono, mwaulemu, koma ndinakwera nawo matola, chitenje nditafunda kumutu kuopa makolo a ana anga a kusukulu. Bamboyo anali ndi phale la makala, kachitsulo kotentha, nthangala za nthula ndi beseni la madzi. Anaika nthangala pa kachitsuloko, anadonthezapo mafuta, anavundikira ndi fanulo, n'kumuuza mwana ayasamule pa utsiwo. Patapita kanthawi, m'madzi muja munayamba kuoneka tizinthu toyera, topindika.

"Nazo!" anatero bamboyo. "Imodzi, ziwiri... zisanu ndi ziwiri! Zonenepa bwanji! Mwanayu akanatha."

Ine ndinayang'anitsitsa ndipo ndinaona kuti ndi timitima ta nthangala zomwe zija, taphulika ndi moto. Koma amuna anga anali ataomba kale m'manja, anthu atatizinga, ndiye ndinameza mawu anga. Tinabwerera mwana akununkha utsi ngati nsomba yowamba, ndipo patatha masiku awiri analira kuposa kale.

Ulendo uno ndinapita naye ndekha ku chipatala cha pa boma. Pa benchi ya kuchipinda cha mano palibe amene amalankhula. Aliyense wagwira tsaya, ena amanga mutu ndi mpango kuchokera kuchibwano, onse akuyang'ana pansi ngati odikira chigamulo. Adokotala a mano anali mayi wamfupi, wotumizidwa kuno kuchokera kumpoto, Chichewa chawo chomveka kwawo koma chobaya bwino. Anamuyasamulitsa mwana, anawunika.

"Mwanayu amadya chiyani, mayi?"

"Zakudya za magulu onse, adokotala."

"Nanga lilime lofiira chonchi ndi la gulu liti?"

Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimangokhala pakhomo," ndinatero.

"Bodza!" anatero mwana, chala cha adokotala chikadali kukamwa. "Amami ndi aphunzitsi. Amagulitsanso mafirizi. Ophulika ndi anga."

Adokotala sanaseke. Ndikanakonda akanaseka. Anam'baya mwana jekeseni, anazula dzino lobowoka lija, mwana akukuwa dzina la Yesu ndi la bambo ake mosinthanitsa, ine nditamugwira miyendo. Atatha anandiitana ndi chala kuti ndiyandikire, n'kulowetsa kagalasi kakang'ono mpaka kumbuyo kwenikweni.

"Madamu, popeza ndinu aphunzitsi, taonani apa. Dzino ili mukuliona?"

"Ndikuliona."

"Ili si la mkaka. Limamera palokha kumbuyo, siligwetsa linzake, n'chifukwa chake makolo ambiri salizindikira. Ili ndi la moyo wake wonse. Likapita, kulibe lina likubwera. Tsono kadontho koyera ngati choko aka mukukaona? Dzenje limayamba choncho. Pakadali pano likhoza kupulumuka."

Anandiuza zochita, pang'onopang'ono, monga mmene ine ndimauzira ana a Sitandade 3. Kutsuka kawiri, m'mawa ndi pokagona, tsiku lililonse osati Lamulungu lokha. Mankhwala pang'ono, osaposa njere ya mtedza. Ndizimutsuka ineyo, pakuti kadzanja ka mwana sikafika kumbuyo. Akalavula asachukuche ndi madzi ambiri. Ndipo chachikulu, mafirizi athe.

"Si kuchuluka kokha kwa shuga," anatero. "Ndi kupsipa kwa tsiku lonse kuja. Dzino silipuma. Nanunso tayasamulani."

Ndinayasamula monyadira, popeza pakhonde paja ndimakhetsapo thukuta. Anagogoda kuseri kwa mano anga a m'munsi ndi kachitsulo.

"Izi si mano ayi. Ndi litsiro, lauma ngati simenti. Mswachi sungachotse. Mubwere Lachinayi ndidzakupaleni."

Lachinayi ndinabweradi, ngakhale amuna anga anandichenjeza kuti mano opalidwa ku chipatala amagwedera. Pa benchi ndinali ndekha wosagwira tsaya, ndipo zimenezi zinawasokoneza anthu. Agogo ena aamuna anandifunsa kudzera m'mpango wawo, "Mwanawe, lako likupweteka ndi liti?"

"Palibe, agogo. Ndabwera kudzatsukitsa."

Anatembenukira kwa mnzawo. "Mwamva? Wabwera kudzatsukitsa. Manja ali nawo awiri. Demokalase imeneyi tiona zambiri."

Anandipala pafupifupi ola lathunthu, ndikulavula timiyala ndi magazi. Potuluka lilime langa limapeza mipata imene silinaidziwepo, mphepo ikudutsa ngati nyumba yochotsa makatani. Mano sanagwedere. Nkhama zimene zinkatuluka magazi ndikamatsuka zinasiya patangotha sabata.

Kunyumba za mswachi zinayenda. Mankhwala anatsika m'kabati ya alendo. Mwana ndimamukhazika pakati pa miyendo ngati ndikumuluka tsitsi, mutu chagada pantchafu panga, n'kutsuka dzino lililonse. Atatchulanso za ufulu wake ndinamukumbutsa jekeseni uja, ndipo ndale zinathera pomwepo. Vuto linali firiji.

"Bambo ake mwana, adokotala akuti mafirizi ndiwo akubowola mano."

"Awe! Nyongolotsi ndinaziona ndi maso anga. Zisanu ndi ziwiri. Inunso munalipo. Kapena shuga masiku ano amapindika m'madzi?"

"Zinali nthangala zija."

"Manje bwanji simunanene pomwepo?"

Anapitiriza osandidikira.

"Ndiye mukufuna tisiye geni chifukwa cha mayi uja sanaonepo nyumba yathu? Malipiro anu akachedwa timadya chiyani pano? Satifiketi?"

Apa sanalakwitse. Mwezi ukafika pakati, ndiwo zathu zimachokera m'firiji muja, osati zoikidwamo koma zogulidwa ndi mafirizi. Ndinati chabwino, geni ipitirire, koma mwana asakhudze. Ophulika ndinayamba kuwathira kudzala. Amuna anga atandipeza anaima ngati aona munthu akung'amba Baibulo.

"Kutaya shuga? Shuga amene ine ndimakwera naye phiri?"

Ndinagula loko, ndinakhoma firiji, kiyi ndinamanga pa chitenje. Iwo anamasula kachitsulo kokolekapo loko ndi sikuludiraiva, mwaulemu ndithu, n'kubwezeretsa akamaliza. Ndimawapeza iwo ndi mwana kuseri kwa nyumba, pa mthunzi wa papaya, aliyense ndi kapepala kake, akaniona n'kubisa kumbuyo, milomo yonse iwiri yofiira. Ana a m'mudzi obwera kudzagula pakhomo amamupatsa kuti alaweko, pakuti mwana wa mwini geni ndi munthu wofunika kukhala naye bwino. Ndikapita kusukulu, iye amatsala ndi firiji. Ndikamuletsa ine ndimakhala mfiti, bambo ake mngelo.

Ndinayamba kudwala nako kadontho kaja. Potsuka ndimatembenuzira mutu wa mwana ku zenera kuti ndikaone bwino. M'kalasi ndikamalemba pa bolodi, choko chimandikumbutsa. Anthu akamakamba za mavoti ndi mitengo ya feteleza, ine ndimaganiza za dzino lobisika kumbuyo kwa kamwa la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kenaka Loweruka lina m'mawa ndinaona kuti kadontho sikakuyeranso. Kayamba kuderako, ngati tiyi wothira mkaka pang'ono.

Tsiku limenelo amuna anga anali tsidya lija, mwana anapita kukasewera kwa anzake. Kachipinda ka pamwamba kanali katadzaza madzi oundana mpaka chitseko kuvuta kutseka. Amene anatigulitsa firijiyo anasiya lamulo limodzi, ndipo amuna anga amalibwereza ngati la khumi ndi chimodzi: ukafuna kuchotsa madzi oundana, zimitsa, dikira asungunuke okha, usayerekeze kugoba ndi mpeni, pakuti m'khoma lakelo mumadutsa timapaipi ta gasi. Timapaipi timeneto ndimatidziwa. Timaoneka ngati mitsempha ya pa dzanja la munthu wolima.

Ndinatseka chitseko cha pabalaza. Ndinafuna kupemphera koma sindinapeze pemphero loyenera ntchito yotere. Ndinagoba madzi oundana mpaka mtsempha umodzi unaonekera. Kubaya koyamba mpeni unapita pambali. Kachiwiri ndinabaya mwamantha, unangokanda. Kachitatu ndinagwira ndi manja awiri.

Psiiii.

Inalira nthawi yaitali kuposa mmene ndimayembekezera, kamphepo kozizira kakundiomba kumaso. Itasiya ndinakhala pansi n'kulira zenizeni, ndipo misozi imeneyo inandithandiza kwambiri pambuyo pake, chifukwa oyandikana nawo nyumba amene anathamangira anachitira umboni kuti ndinali wosweka mtima.

Amuna anga atafika anaima patsogolo pa firiji, anavula chipewa. Sanakalipe, sanatukule dzanja. Anayang'ana kabowo, anayang'ana mpeni, anakweza maso kuyang'ana satifiketi ija.

"Ku koleji kuja za mpeni sanakuphunzitseni?"

Basi. Anthu anabwera kudzapepesa masiku atatu, amayi akukhala pa mphasa, abambo pa mipando, ena akulowa mmodzimmodzi kukaona kabowo ngati kuona nkhope. Anabwera wokonza mafiriji, anamata, anathira gasi, inagwira ntchito masiku awiri n'kufanso. Anabwera wina wochokera tsidya lija, naye chimodzimodzi. Lero timasungamo makope a ana ndi nsapato za kutchalitchi, popeza makoswe salowamo.

Ndikanakonda nkhani ikanathera apa, koma geni itafa ndiwo zinasowa, ndipo amuna anga anawonjezera maulendo. Kale nyengo ya mvula amapuma, chifukwa tinjira ta kuseri kwa mapiri timaterera. Chaka chimenecho sanapume. Tsiku lina potsetsereka, njinga ili ndi mabelo atatu, tayala la kutsogolo linakana njira, iwo anapitirira okha n'kukafikira kukamwa pa mwala. Anabwera akukankha njinga, malaya atatseka pakamwa. Mano awiri a kutsogolo, a m'mwamba, anatsala ku Kachebere.

Ndinapita nawo kwa adokotala omwe aja kuti akachotse zotsalira. Pobwerera ndinkalira m'njira yonse, mpaka iwo anaima n'kundigwira paphewa. Mawu amatuluka ndi kamluzu.

"Musadandaule, amake mwana. Ngozi ndi ngozi. Yanu inali ya mpeni, yanga ya njinga."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Koma ndinangopukuta misozi, tinapitiriza ulendo.

Amuna anga anali oimba besi m'kwaya. Anasiya, akuti kamluzu kamaseketsa amayi a soprano. Akamaseka masiku ano amayamba akweza dzanja, ndipo pa chithunzi samwetuliranso.

Mwana ndimapita naye kwa adokotala sukulu ikatsekera, nane n'kutsukitsa nthawi ikakwana. Kadontho kaja kadakalipo, koma akuti kanauma, sikakupitirira. Mano ake anayi a kumbuyo ndi athunthu, a kutsogolo anamera oyera, aakulu ngati makasu. Amatsuka yekha tsopano, ndipo amadzudzula bambo ake akaiwala. Ana a kusukulu kwanga sindinawapulumutse ngakhale mmodzi, chifukwa mwezi usanathe akazi a ahedi anagula firiji yawo, ndipo mzere unangosamukira ku khomo lina.

Tikakhala pa chakudya ndimawayang'ana awiriwo, wina akuluma chimanga chootcha ndi mano a kutsogolo, wina akuchita kukonola ndi chala kuti atafunire kumbali. Nthawi zina ndimadziuza kuti mwala uja sindinauike ine panjira, kuti mvula si yanga, kuti ndinayesa kulankhula ndipo sanandimvere. Nthawi zina ndimaona kuti ndinangosankha kamwa loti lipulumuke, winayo n'kulipira osadziwa kuti akulipira chiyani. Inu amene muli ndi ana, ndi inu amene muli ndi amuna okoma mtima osamva zonena, tandiuzani mosandinyengerera: ndinachita bwino?